Masiku amene mpunga unkadikira Khirisimasi

Adzukulu anga, inu amene mudabadwa Lilongwe ali kale likulu la dziko, senderani kuno ndikuuzeni za kudikira. Ntchito yaikulu imene ife tidagwira m'makomboni muno, kuposa kuumba zidina ndi kusenza mabelo a fodya ku Kanengo, idali imeneyo. Tinkadikira basi ya UTM, tinkadikira mvula, tinkadikira kalata yochokera ku Joni, tinkadikira kuti mwezi uthe, ndipo zokoma zonse zimene mumatimva tikusimba tikakumana pa chinkhoswe kapena pa siwa zidachokera m'kudikira momwemo.

Pamene Kamuzu Banda adalengeza mu 1965 kuti likulu lichoka ku Zomba kubwera kuno, Lilongwe adali kaboma ka fumbi, ka msika umodzi, masitolo a amwenye ndi mlatho, ndipo ukangoyenda pang'ono unkapezeka uli m'minda ya fodya ndi mtedza. Bungwe la CCDC lidakhazikitsidwa mu 1968 kuti limange mzinda watsopano, ndipo pofika 1975, chaka chimene likulu lidasamukadi, anthu adali atakhamukira kuno kuchokera ku Dedza, ku Ntcheu, ku Dowa, ku Ntchisi, ku Mchinji, ena mpaka ku Mzimba ndi ku Mulanje, aliyense ndi mphasa yake ndi kampoto kake. A ntchito zapamwamba adalowa m'nyumba za boma. Enafe tinkaloza poloti yopanda kanthu ku Kawale, ku Biwi, ku Chilinde, ku Area 23, kenaka ku Area 25 kumene masiku amenewo tinkati n'kutchire, kuti munthu adzimangire yekha. Ku Chinsapo kudali kumudzi ndithu, ndi anyakwawa ake, manda ake ndi dambwe lake, ndipo Mgona adamera m'mbali mwa mafakitale a ku Kanengo, anthu atatopa ndi kuyenda mtunda wautali pokafuna ganyu.

Nyumba siinkatha chaka chimodzi. Chilimwe choyamba bambo ankaumba zidina, mayi kutunga madzi, ana kuponda dothi, n'kudzutsa chipinda chimodzi chofolera udzu. Malata ankagula limodzilimodzi pakutha pa mwezi n'kumawaimika kuseri kwa chitseko, ndipo mwezi umene mwana wadwala kapena kumudzi kwagwa zovuta, lata silinkagulidwa. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Padali mabanja amene adawerenga malata awo zaka zitatu, dzinja lililonse akutchera mabeseni pamene pakudontha. Tsono lifike tsiku lokhoma denga! Mayi ankaphika thobwa, anansi kubwera kudzathandiza kukweza, ndipo chizimalupsa chikagwa koyamba pa malata amenewo m'nyumbamo simunkagonedwa, ana kulumphalumpha, bambo kuyenda ndi koloboyi ngodya ndi ngodya kufunafuna podontha, osapapeza. Inu mumati mvula ikamagwa pa denga imakusokonezani tulo. Kwa munthu amene adachezerapo usiku akusuntha mphasa kuthawa madzi, phokoso limenelo lidali malipiro ake.

Ulendo udali wa miyendo. Mamesenjala, alonda ndi osesa m'maofesi a ku Capital Hill ankanyamuka ku Kawale ndi ku Area 23 tambala atangolira kachiwiri, kutsetserekera ku mtsinje wa Lilongwe, kuwoloka, n'kukwera chitunda, m'thumba muli mbatata yootcha kapena chigumu chokulunga m'pepala. Amayi a ku Chinsapo ankasenza madengu a masamba ndi mitolo ya nkhuni kutsata msewu wa ku Likuni mpaka ku msika waukulu wa m'tauni. Basi idalipo, koma ukaiphonya unkakhala pa siteji mpaka dzuwa kupendeka. Ndipo m'njira mudali zoopsa. Afisi ankatuluka m'nkhalango ya m'mbali mwa Lingadzi n'kumayendayenda usiku mpaka kuseri kwa nyumba za anthu. Ku Chinsapo ng'oma zikalira ndi zilombo zikatuluka, wosameta ankapatuka n'kubisala m'chimanga mpaka zitadutsa. Pa chipata cha msika pankaima anyamata a Youth League a malaya ofiira kufunsa khadi la chipani, ndipo wopanda khadi ankabwerera ndi dengu lake osagula ngakhale mchere. Ukafika pakhomo madzulo uli wathunthu, n'kuviika mapazi m'madzi ofunda, mtima unkakhala pansi, ndipo madzi ofunda okhawo ankakwanira kuti unene kuti lero Mulungu wandikomera mtima.

Nsima nayo inkayamba ulendo wake masiku angapo isanafike m'mbale. Chimanga ankachikonola mumtondo, kupeta gaga, kuviika mphale mpaka itayamba kafungo, kuitsuka, kuiyanika, kupita nayo ku chigayo kumene mzere wa zidebe unkatha tsiku lathunthu, n'kudzayanikanso ufa pa mphasa, mwana atakhala pambali ndi kamtengo koingitsira nkhuku. Ndiwo zinkangozungulira pomwepo: nkhwani wotendera, chisoso, bonongwe, nyemba, mfutso m'chilimwe, usipa wouma wa ku Salima mwezi ukakhala kuti wangoyamba. Mvula yoyamba inkatipatsa ngumbi, ndipo achibale a ku Mitundu kapena ku Nsundwe akabwera ndi mbewa zowamba, tsiku limenelo nsima inkachepa. Nyama ya ng'ombe inkaoneka bambo akalandira. Koma mpunga ayi, mpunga unkadikira Khirisimasi.

Khirisimasi inkayamba m'mitima fumbi la Okutobala likadali m'mwamba. Mayi ankayamba kumanga timakobiri pa mfundo ya chitenje. Nsalu ya ku David Whitehead inkagulidwa n'kusiyidwa kwa telala wa pakhonde la sitolo mu msewu wa Malangalanga, ndipo mwana akatumidwa ku msika ankadzera pomwepo kukasuzumira ngati diresi lake ladulidwa. Nsapato za ku Bata ankagula zokulirapo kuti zikafike chaka chamawa, n'kuzitsekera m'sutikesi; unkaloledwa kuziyesa kamodzi, utaponda pa mphasa. Tambala ankachokera kumudzi tsikulo likadali kutali, n'kumangidwa chingwe kumwendo patsinde pa mango, ana n'kumamuponyera gaga uku akumuyeza ndi maso. Usiku wa pa 24 Disembala simbi ya makala inkayenda nyumba ndi nyumba. Kukacha, tiyi wamkaka ndi buledi wopaka Stork, miyendo ili waliwali ndi Vaseline, ulendo wa ku tchalitchi, ena ku Utatu Woyera, ena ku CCAP, ndipo ulaliki wa tsiku limenelo unkatalika kwambiri chifukwa mphuno idali itatsala kunyumba, kumene mpunga wa Faya wa ku Nkhotakota unkanunkhira mpaka kumsewu. Nthutumba idali ya bambo, ana zipalapasiro, khosi ndi msuzi, ndipo padalibe wodandaula. Botolo limodzi la Fanta mwana ankaswera nalo, kumwa pang'ono, kutseka ndi chala, kuyenda nalo mzere wonse wa nyumba kuti anzake aone, n'kumatulutsa lilime losintha mtundu kuti akhulupirire. Mpunga womwewo ena a inu mumaudya ngakhale Lachiwiri n'kuusiya m'mbale. Sindikukudzudzulani, ndipo ndimathokoza kuti muli nawo. Ndikungoti mpunga umene ife tinkadya udali utathiridwa miyezi 11 ya nkhwani ndi nyemba, ndipo chokometsera chimenecho simungachipeze pa msika wa Nsungwi.

Padalinso masiku aatali opanda chochitika chilichonse, zimene inu mumati kuboweka. Wailesi ya kanema idayamba mu 1999 m'dziko muno. M'masiku a Kamuzu kudali wailesi imodzi yokha, ya MBC, ndipo kawailesi ka Nzeru kankapezeka nyumba imodzi pa nyumba zambirimbiri. Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa. Mwini wake ankatsegula pa nthawi ya nkhani, ya mauthenga a maliro, ndi ya sewero la Kapalepale kapena Pamajiga, limene linkabwera kamodzi pa sabata; anthu ankadzaza pakhonde kumvetsera osatsokomola, ndipo masiku onse otsatira ankabwereza za m'seweromo ku chitsime ndi ku chigayo. Gitala la Daniel Kachamba kapena banjo ya Allan Namoko ikalira, amayi ankaimika munsi m'mwamba, chifukwa sunkadziwa kuti nyimbo imeneyo idzabweranso liti.

Tsiku lalitali kuposa onse lidali la 3 Malichi, lokumbukira amene adafera dziko lino mu 1959 ndi m'masiku a John Chilembwe. Khasu silinkagwiridwa, msika sunkatsegulidwa, mpira sunkaseweredwa, ndipo wailesi inkangolira zachisoni kuyambira m'mawa mpaka usiku. Ana tinkawaletsa kuthamanga ndi kuseka mokweza poopa oyendera m'njira. Komboni yonse inkangoti zii. M'mawa mwake ukamva mtondo ukulira kwa anansi ndi ana akukuwa kumsewu, unkazindikira kuti phokoso nalonso ndi chuma.

M'kusowa chochita momwemo ndimo anyamata adaphunzira kupinda mawaya mpaka kutuluka galimoto ya chiwongolero chake, kukulunga mapepala ndi luzi mpaka kutuluka mpira, atsikana ali pa phada ndi fulaye, abambo ali pa bawo pansi pa mtengo mpaka mdima utabisa maenje. Mwezi ukawala gogo ankangoti padangokhala, ana a mzere wonse n'kuyankha tili tonse, ndipo Kalulu yemweyo amene adamumva kambirimbiri ankawaseketsabe mpaka misozi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ana a masiku amenewo nthawi yodekhera adali nayo yambiri. Ndikaona mwana wa lero akusesereza chala pa foni, nyimbo iyi asanaimalize wadumphira ina, chisoni chimandigwira, chifukwa nyimbo ali nazo zambiri koma palibe imene adaisowapo.

Febuluwale ankatiyesa tonse, a m'tauni ndi a kumudzi omwe. Nkhokwe za makolo zidali zitayera, chimanga pa msika chitakwera, m'njira muli matope okhaokha, malungo ali nyumba ndi nyumba. Walira mvula walira matope. Ambiri tidali ndi kadimba kapena kamunda m'madambo a m'mbali mwa Lilongwe ndi Lingadzi, ndipo ana ankapita m'mawa uliwonse kukaona ngati ndevu za chimanga zayamba kuuma, ena kusenda pang'ono makoko n'kutsina njere ndi chikhadabo kuti aone ngati mkaka walimba. Lifike tsiku limene mayi adula mondokwa woyamba n'kuwiritsa pamodzi ndi dzungu, nthunzi ili tolotolo, banja lonse litazungulira lichero. Amene adadyapo chimanga choyamba atagona masiku ambiri ndi phala lokha sangachiyerekeze ndi chakudya cha pa ukwati uliwonse.

Koma ndisakunamizeni kuti vuto lililonse limabala chokoma. Alipo anzanga amene amalankhula mokhala ngati kuvutika ndi mankhwala oyenera kumwetsa mwana aliyense, ndipo ine pamenepo ndimakana. Amayi amene ankadikira amuna awo kuchokera ku migodi, akuyembekeza sutikesi, bulangete ndi njinga, ena adalandira uthenga wa ndege ya Wenela imene idagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi 74. Kudikira kwawo kudathera pa chiyani? Chilala cha 1992 chidatidyetsa chimanga chachikasu chochokera kunja, ndipo tidapulumuka. Koma njala ya 2002, imene Bakili Muluzi adailengeza kumapeto kwa Febuluwale kuti ndi ngozi yogwera dziko, chimanga chosungidwa m'nkhokwe za boma chitagulitsidwa kale, idali chilombo chenicheni. Amayi ankagona pa mzere ku misika ya ADMARC n'kubwerera ndi thumba lopanda kanthu, gaga amene tinkaponyera nkhuku adasanduka chakudya cha anthu, ku midzi yozungulira mzinda uno ena adadya zitsa za nthochi, kolera adabwera pamwamba pake, ndipo wogwidwa akuthyola chimanga chachiwisi m'munda wa mwini ankamenyedwa koopsa ndi anthu amene dzulo lake ankadyera nawo limodzi. Chimanga chitacha chaka chimenecho padalibe nthungululu. M'mabanja ambiri ofunika kuchidya adali atagona kumanda, ndipo otsala sadaphunzirepo kanthu koposa mantha.

Kudikira kumene kunkatikometsera zinthu kudali ndi tsiku lake lodziwika. Tinkadziwa kuti mwezi utha, kuti sewero libwera sabata ino, kuti Malichi afika, kuti pa 25 Disembala tambala uja agwa. Makolo akamati sunga khosi, mkanda woyera udzavala, mkandawo unkakhala ukutungidwadi, ndipo mwana ankauona ndi maso ake, lata ndi lata kuseri kwa chitseko, kobiri ndi kobiri pa mfundo ya chitenje.

N'chifukwa chake mtima umandiwawa ndikaganiza za mayi wa ku Chinsapo amene mu Okutobala amadzuka pakati pa usiku kukaika chidebe pa mzere wa pa kiyosiki osadziwa ngati madzi atuluka, kapena za mnyamata wa ku Mgona amene adakhoza Fomu 4, ndipo msika wa fodya umatsegulidwa mu Epulo n'kudzatsekedwa iye ali chiimire pa geti ku Kanengo, satifiketi ili m'pepala la pulasitiki, chaka ndi chaka. Ameneyo tsiku lake sadalimve kwa wina aliyense. Akafika pakhomo panu musamuuze kuti ife tidavutika koposa iye. Mupatseni mpando, mum'phikire nsima, ndipo ngati mwamva kumene akulemba anthu ntchito, mawa lake mudzuke naye mupite limodzi.