Chirunga Akatseka Zipata, Amalipira Ndani?

Kuno ku Neno kulibe sukulu ya ukachenjede. Boma lathu lomweli ndi la dzulodzulo, popeza lidapatuka ku Mwanza m'chaka cha 2003. Tsono wina angathe kufunsa kuti: kodi mikangano ya aphunzitsi a ku yunivesite ndi mabwana ao itikhudza bwanji ife alimi a mbatata ya kachewere ndi tirigu? Itikhudza pakuti mwana mmodzi akasankhidwa kupita ku Zomba, mbumba yonse imasonkha. Mbuzi zimagulitsidwa, matumba a mbatata amatsika phiri, ndipo malume a ku Joni amatumiziridwa uthenga. Sukuluyo ikatsekedwa, ndalama zimenezi sizibwerera.

Yunivesite ya Malaŵi idayamba kuphunzitsa m'chaka cha 1965, ndipo Chancellor College idasamukira ku Chirunga, mumzinda wa Zomba, mu 1973. Masiku amenewo kukambirana kunalibe. Chansala wa yunivesite anali Dr. Kamuzu Banda mwini wake, ndipo mabungwe a anthu apantchito anali m'khwapa mwa chipani. Mphunzitsi ankalandira chimene wapatsidwa, nasunga lilime lake. Jack Mapanje, mkulu wa gawo la Chingerezi ku Chirunga, adamangidwa mu 1987 nakhala ku Mikuyu osazengedwa mlandu mpaka 1991. Bungwe loti nkuimirira pagulu kufunsa boma za iye panalibe.

Malamulo aakulu a dziko a mu 1994 adapereka kwa antchito ufulu wokhala m'mabungwe ndi wonyanyala ntchito, natchulanso ufulu wa aphunzitsi pa maphunziro ao. Mu 1996 kudabwera lamulo loongolera zokambirana za antchito ndi mabwana, pamodzi ndi bwalo lapadera loŵeruza milandu yotere. Pa pepala zonse zidakhala bwino. Koma ufulu wa pa pepala umadziŵika tsiku limene wayesedwa.

Tsikulo lidafika pa 12 February 2011. Mkulu wa apolisi m'dziko lonse, Peter Mukhito, adaitanitsa Dr. Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa za ndale, kukamufunsa za zimene adanena m'kalasi. Mphunzitsiyu adaayerekeza kusoŵa kwa mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja kwathu kuno ndi mavuto amene adautsa anthu ku Tunisia ndi ku Egypt. Funso limene lidaŵaŵa anzake linali lakuti: mau a m'kalasi adafika bwanji kupolisi? Bungwe lao la CCASU, motsogozedwa ndi Dr. Jessie Kabwila-Kapasula, lidaleka kuphunzitsa. Sadapemphe ngakhale tambala. Adapempha zinthu ziŵiri zokha: kuti mkulu wa apolisi apepese, ndi kuti boma litsimikize kuti m'makalasi simudzakhalanso akazitape.

Nkhani yotere akuluakulu a pamudzi akadaitha pamphasa tsiku limodzi. Koma Pulezidenti Bingu wa Mutharika, amene analinso Chansala, adanenetsa poyera kuti mkulu wa apolisi sapepesa. Khonsolo ya yunivesite idachotsa ntchito anthu anayi: Chinsinga, Kabwila-Kapasula, Garton Kamchedzera ndi Franz Amin. Kuyambira apo kukambirana kudasanduka ziletso za kukhoti, mbali iyi ikatenga chake, inayo nkukatenganso china. Ena mwa ife tinali ku seminale ya St. Peter's ku Zomba komweko, ndipo tinkaona aphunzitsi atavala zofiira akuyenda mumseu, pamene ophunzira ao anali kumidzi. Mu October Pulezidenti adalamula kuti anayi aja abwerere pantchito popanda chilango, ndipo maphunziro adayambiranso mu November. Miyezi yoposa 8 idatayika kuti boma livomere zimene likadatha kuvomera sabata yoyamba.

Sitibisa kuti pa mlandu umenewu aphunzitsi adakhoza. Mwana wophunzitsidwa ndi munthu wamantha amabwerako ndi setifiketi, koma nzeru zake zimakhala zopereŵera. Bungwe lidaonetsa kuti pangano la ntchito si malipiro okha. Mulinso ulemu wa wantchito ndi ufulu wogwira ntchitoyo moona.

Za mu 2017 zinali zina. Ulendo uno nkhani inali ya ndalama. Aphunzitsi a ku Chirunga adadandaula kuti anzao a ku College of Medicine ankalandira 40 peresenti kuposa iwo, chikhalirecho onse anali a yunivesite imodzi ndi a maudindo ofanana. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo dandaulolo silinali lopanda mutu. Chansala pa nthaŵiyi anali Pulezidenti Peter Mutharika, yemwe mu 2011 anali nduna ya maphunziro, munthu amene adaphunzitsa zamalamulo ku America zaka zambiri. Koma ngakhale iye analipo, Chirunga adakhalanso chete kwa miyezi ingapo. Chidatiŵaŵa makolo ndi chakuti chaka cha 2016 chomwecho fizi inali itangokwezedwa kufika pa K400,000, boma lisanaitsitse pang'ono kukhala K350,000. Tidalipira zambiri kuti ana akhale pakhomo.

Papa Yohane Paulo wachiŵiri, m'kalata yake ya mu 1981 yonena za ntchito, adavomereza kuti antchito ali ndi ufulu wonyanyala, koma adachenjezanso kuti imeneyi ndi njira yotsiriza, yosayenera kupweteka ubwino wa anthu onse. Chenjezoli kaŵirikaŵiri amaŵerengera antchito okha. Ife tikuona kuti likhudzanso mabwana. Khonsolo imene imalandira makalata a madandaulo nkumangoti tikuunikabe, chaka nkutha, ndiyo imaphunzitsa antchito kuti pano amamva ukatseka chipata basi. Aphunzitsi naonso ayenera kudzifunsa, chifukwa sitalaka yao siluma Chansala kapena nduna. Pamphasa pamakhala khonsolo, bungwe, nthaŵi zina ndi nthumwi ya boma. Kholo lolipira fizi lilibe mpando pamenepo, ndipo limamva zotsatira pa wailesi.

Mu 2021 yunivesite ija idagaŵidwa patatu: Chirunga adatsala ndi dzina la Yunivesite ya Malaŵi, Polytechnic idasanduka MUBAS, ndipo College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zidaphatikizana kukhala KUHeS. Iliyonse ili ndi khonsolo yake, kotero mphasa zokambirana zidachuluka.

M'parishi mwathu muli banja lina limene silidaiŵale chaka cha 2011. Mwana wao wamkazi adabwerako ku Zomba ndi chikwama chake mvula isanathe, nadzathandiza kukolola. Chaka chimene ankayenera kuyamba kulandira malipiro ndi kuphunzitsa ang'ono ake chidasunthira kutsogolo. Uthenga woti sukulu yatsegulidwa udafika mu November, nthaŵi yogula feteleza. Bambo ake adaŵerenga ndalama zimene zinali m'nyumba, nazigaŵa paŵiri, ndipo chaka chimenecho adathira feteleza theka la munda.