Kaundula wa Ovulala: Kuchokera ku Chicago Mpaka ku Kamuzu Central

Kwa zaka zambiri achipatala ankadziwa wovulala mmodzimmodzi, koma osadziwa ovulala onse pamodzi. Dokotala ankasoka bala, namwino n'kulemba m'buku la muwodi, bukulo likadzaza n'kukatsekeredwa m'kabati. Ndi msewu uti ukutha anthu? Ndi angati amafika magazi atawathera? Panalibe woyankha.

Kaundula woyamba wa pakompyuta wosunga za ovulala anakhazikitsidwa mu 1969 pa Cook County Hospital ku Chicago. Mu 1974 Susan Baker ndi anzake anatulutsa Injury Severity Score, njira yopimira kukula kwa kuvulala. Njirayi ndi yabwino ndithu, koma imafuna kuti dokotala adziwe zonse zimene zawonongeka m'kati mwa thupi, ndiye kuti pamafunika makina ojambulira odalirika. Chipatala chimene X-ray yake imagwira lero n'kufa mawa sichikanaikwanitsa. Komatu mwa anthu khumi alionse omwalira chifukwa chovulala, pafupifupi 9 ndi a m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene.

Zinthu zinasinthira ku Uganda m'zaka za m'ma 1990. Olive Kobusingye ndi Ronald Lett anayambitsa kaundula pa chipatala cha Mulago, n'kupanga Kampala Trauma Score. Imafunsa zinthu zisanu basi: zaka za munthu, kuthamanga kwa magazi, kapumidwe, ngati akuzindikira, ndi chiwerengero cha mabala aakulu. Namwino wokhala ndi wotchi ndi kachipangizo kopimira BP amadzaza fomu wodwala adakali pa machira. Kwa ine luso lenileni linali pamenepa, podziwa mafunso oti asiyidwe.

Mu 2001 bungwe la WHO linatulutsa malangizo a kalondolondo wa ovulala. Ku Malawi, chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe chinayamba kaundula wake mu 2008 mothandizana ndi University of North Carolina. Makalaliki amalemba usana ndi usiku aliyense wobwera atavulala, ndipo zolembazo zinaonetsa kuti ngozi zapamsewu, kugwa ndi kumenyedwa ndizo zimachuluka, makamaka pakati pa amuna achinyamata.

Chimene sichinakonzekebe n'chakuti kaundula amawerenga okhawo ofika pakhomo la chipatala. Wofera pamsewu n'kutengedwa ndi abale kukaikidwa kumudzi salowamo, ngakhalenso wothyoka mwendo amene wapita kwa sing'anga. Ndiponso makaundula ambiri amayendera ndalama za mabungwe akunja. Pulojekiti ikatha, kalaliki amasiya kulandira malipiro, mafomu n'kuyamba kuunjikana opanda wowalowetsa m'kompyuta.