Nyengo Yachisanu ndi Maulendo a ku Chilumba cha Chisi pa Nyanja ya Chilwa

Ambiri a ife a m'maboma a Machinga ndi Balaka tili ndi abale amene amapita ku Nyanja ya Chilwa kukawedza, kukapikula nsomba kapena kukaona anansi pa chilumba cha Chisi. Popeza maulendowa amachitikanso m'miyezi yozizira, pamene mphepo ya mwera imavuta, taona kuti ndi bwino tifotokoze za nyengoyi ndi zoyenera kudziwa munthu asanakwere bwato.

Malo ake

Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'Malawi muno. Inakhudza maboma a Machinga, Zomba ndi Phalombe, ndipo kuvuma kwake kuli dziko la Mozambique. Mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imathira m'nyanjayi, koma palibe mtsinje wotulutsa madzi. Nchifukwa chake madzi ake ndi amchere pang'ono. Nyanjayi si yakuya: m'malo ambiri madzi sapitirira mamita awiri kapena atatu. M'mphepete mwake muli dambo lalikulu la njedza, lomwe linalowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa pansi pa pangano la Ramsar m'chaka cha 1996.

Chisi ndicho chilumba chachikulu pa nyanjayi. Chili m'boma la Zomba, m'dera la Mfumu Yaikulu Mkumbira. Chakumpoto kuli chilumba china chaching'ono, cha Thongwe.

Nyengo yachisanu

Chisanu chimayamba mu Meyi nkutha mu Ogasiti, ndipo chimafika pachimake mu Juni ndi Julayi. Masana kumatha kukhala dzuwa lofunda bwino, koma usiku ndi mbandakucha kumazizira kwambiri, makamaka pamadzi pomwe palibe chotchinga mphepo.

M'miyezi imeneyi mphepo imachokera kummwera chakuvuma, ku nyanja yamchere ya Indian. Ikafika ndi mphamvu timaitcha mwera, ndipo imatha kuomba masiku angapo motsatizana. Ikabwera ndi chinyontho imadzetsa mitambo, nkhungu ndi mvula yowaza imene timaitcha chiperoni, dzina lochokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique.

Ena amaganiza kuti mwera ndi woopsa pa Nyanja ya Malawi pokha. Izi si zoona. Pamadzi osaya mafunde amakhala aafupiafupi ndi otsatana, kotero bwato silipeza mpata wokhazikika funde lina lisanafike. Komanso mphepo imavundula matope, madzi nkuda bii, moti woyendetsa saona zitsa kapena maukonde. Pansi pa nyanjayi pali thope lofewa, ndipo munthu amene wagweramo angalephere kuimirira ngakhale pamalo posaya kwenikweni.

Njira zake

Wochokera ku Balaka amadzera ku Liwonde, kuwoloka Shire, nkutsata msewu wa M3 kudutsa pa boma la Machinga, Malosa ndi Domasi mpaka ku Zomba. Kuchokera kumeneko pali mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kukafika pa doko la Kachulu, pomwe ambiri amakwerera maboti a ku Chisi. Mbali ya Machinga, asodzi ndi ogula nsomba amagwiritsa ntchito madoko monga la Mposa, kufupi ndi mapiri a Chikala, ndi la Namanja. Njanji yochokera ku Nkaya m'boma la Balaka kupita ku Nayuchi, yomwe inatsegulidwa mu 1970, imadutsa pa mtunda wamchenga wolekanitsa Chilwa ndi Nyanja ya Chiuta.

Ubwino wa nyengo yachisanu ngwakuti misewu yafumbi yopita ku madoko imakhala itauma, kusiyana ndi nthawi yadzinja pamene galimoto zimatitimira. Vuto limasamukira pamadzi.

Kuchuluka kwa madzi

Madzi a Chilwa amakwera kumapeto kwa dzinja, kenaka nkumatsika pang'onopang'ono mpaka mvula ina itagwa. Mvula ikavuta zaka zotsatizana nyanja imaphwa. Zinatero mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inauma, mabwato nkungokhala pa thope ku Kachulu. Mu 2023, namondwe wa Freddy atadutsa m'mwezi wa Malichi, madzi anakweranso kwambiri. Choncho malo okwerera boti ndi kutalika kwa ulendo zimasintha chaka ndi chaka. Madzi akachepa, oyendetsa amadzera m'ngalande zodula mu njedza, akukankha boti ndi nsungwi, ndipo ulendo umatalika. Tisadalire zimene tinaona chaka chatha. Tifunse anthu a pa doko.

Zoyenera kutsata

Tisananyamuke, timvetsere uthenga wa zanyengo pa wailesi. Nthambi ya boma yoona zanyengo imalengeza pamene mwera ukuyembekezeka pa nyanja zathu, kuphatikizapo Chilwa. Chenjezo likaperekedwa, ulendo udikire.

Tiwoloke mmawa kutayera, pakuti kawirikawiri mphepo imakula dzuwa likakwera. Tipewe kuwoloka usiku kapena m'nkhungu.

Tisakwere boti lomwe ladzaza kale ndi anthu, njinga ndi matumba a matemba. Boti lolemedwa limamwa madzi ndi funde loyamba. Ngati zovala zoyandamitsa zilipo, tivale, ndipo ana akhale pakati.

Titenge juzi ndi zovala zina zouma m'jumbo, chifukwa munthu wonyowa amene akuombedwa ndi mphepo amafooka msanga. Titengenso madzi akumwa aukhondo. Madzi a m'nyanja si abwino kumwa. Kolera inavutapo m'derali, ndipo mu 2016 asodzi okhala m'zimbowera, timisasa toyandama pa nyanjayi, analandira katemera wa matendawa.

Pogona, tisalowetse mbaula yamoto m'chipinda chotseka. Mpweya wa makala umapha mwakachetechete.

Potsiriza, tiwalemekeze eni maboti akatiuza kuti lero sikuwolokeka. Iwo amaidziwa nyanjayi kuposa ife alendo. Ambiri timakakamiza ulendo poopa kuti nsomba ziwonongeka kapena ndalama ya malo ogona ichuluka. Koma kutaya phindu la tsiku limodzi nkochepa poyerekeza ndi kusiya ana amasiye kumudzi.