Althea Gibson: Mlambula Njira Amene Adagona ndi Njala

Masiku ano mtsikana wachikuda akapambana mpikisano wa tenisi ku Wimbledon amabwerako ndi ndalama zankhaninkhani. Koma ndi ochepa amene amakumbukira mayi yemwe adalambula njirayi, Althea Gibson.

Althea adabadwa m'chaka cha 1927 ku South Carolina, m'dziko la America, kwa makolo olima thonje m'minda ya eni. Adakulira ku Harlem, mumzinda wa New York, komwe adayamba kumenya kampira mumsewu. Nthawiyo tsankho lidali litafika posauzana. Anthu akuda ankachita mipikisano yawoyawo, ndipo Althea adatenga chikho chawo zaka 10 zotsatizana kuyambira mu 1947, koma mabwalo a azungu adali otseka kwa iye.

Zinthu zidatembenuka mu 1950 pamene Alice Marble, mzungu yemwe adali katswiri wakale wa masewerawa, adalemba kalata m'magazini ya tenisi kudzudzula akuluakulu atsankhowo. Chaka chomwecho Althea adakhala munthu wakuda woyamba kusewera pa mpikisano waukulu wa America ku Forest Hills. Mu 1956 adapambana ku France, ndipo mu 1957 ndi 1958 adasesa ku Wimbledon ndi ku America komwe. Mu 1957 adalandira mbale yasiliva ya ku Wimbledon kuchokera m'manja mwa Mfumukazi Elizabeth II.

Komatu mbaleyo idalibe nsima. Mipikisano ikuluikuluyi idadzayamba kupereka ndalama kwa opambana mu 1968, pamene Althea adaisiya mu 1958, ali ndi zaka 31, kaamba kosowa chomuthandiza. Pofuna kupeza yogulira mchere, adayamba kusewera tenisi yongosangalatsa anthu pa maulendo a timu ya Harlem Globetrotters, adajambulitsa chimbale cha nyimbo, kenaka nkulowa masewera a gofu. Kumenekonso tsankho lidamutsata, moti m'malo ena ankasinthira zovala m'galimoto chifukwa chomuletsa kulowa m'nyumba za makalabu.

M'zaka za m'ma 1990 matenda ndi umphawi zidamupanikiza. Amene adamuzimira ndevu ndi Angela Buxton, Myuda wa ku England yemwenso ankasalidwa. Awiriwa adapambana limodzi pa masewera a awiriawiri ku France ndi ku Wimbledon mu 1956. Atamva za mavuto a mnzakeyo, Angela adamema anthu okonda tenisi ndipo adasonkha ndalama zomwe zidamusamala mpaka imfa yake mu 2003.

Mu 2019 adamuimikira chipilala pa bwalo la US Open ku New York, iye atagona m'manda zaka 16. Padatenga zaka zoposa 40 kuti mkazi wina wakuda wa ku America adzatengenso zikho zimene iye adatenga: Serena Williams ku America mu 1999, ndi Venus Williams ku Wimbledon mu 2000. Tikamaombera m'manja ana amenewa, tizikumbukiranso amene adaminzidwa ndi minga kuti iwo adutse bwino.