Lamulo la chipulula pa tebulo la poker

M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, akatswiri a poker a ku Texas analibe bwalo lawolawo. Doyle Brunson, Amarillo Slim Preston ndi Sailor Roberts ankayenda pa galimoto imodzi tauni ndi tauni, kusaka kumene kuli masewera m'zipinda zakuseri. Njuga inali yoletsedwa kumeneko, ndiye apolisi ankawagwira, achifwamba ankawalanda ndalama atawaloza mfuti. Koma chomwe ndikufuna muone ndi ichi: masewera awo analibe mathero. Ndalama za patebulo zikakuthera, unkangopisa m'thumba n'kutulutsa zina. Wathumba lakuya ankatha kuluza usiku wonse koma kukacha ali pampando pomwepo. Pa masewera otere n'kovuta kunena kuti katswiri ndani.

Benny Binion, mwini kasino ya Horseshoe pa msewu wa Fremont ku Las Vegas, anawaitana amunawa pamodzi ndi akatswiri anzawo mu 1970 n'kutcha msonkhanowo World Series of Poker. Anasewera masiku angapo mwa chizolowezi chawo chakale, ndipo pamapeto pake anachita kuponya voti kuti apeze wopambana. Voti inagwera mmodzi wa iwo, Johnny Moss, anam'patsa chikho chasiliva. Atolankhani analibe cholemba, chifukwa mpikisano wothera pa voti ulibe pogwira mtima.

Chaka chotsatira anasintha chinthu chimodzi chachikulu, ndipo ine ndimati poker ya mpikisano inabadwa tsiku limenelo. Aliyense alipire ndalama yofanana, alandire mulu wofanana wa tindalama tozungulira totchedwa ma chip, ndipo ma chip akakuthera udzuke uzipita, palibe kugulanso. Amati freezeout, ife okonda mpira tingati chipulula. Mu 1971 analowa anthu 6, aliyense $5,000, Moss n'kutenga $30,000 yonse. Mu 1972 ndalama yolowera inakwera kufika $10,000, analowa anthu 8, anapambana Amarillo Slim. Mpaka lero mpikisano waukuluwo, Main Event, munthu amalowa ndi $10,000 yomweyo.

Kuti wina asangokhala pansi kudikira makadi abwino mpaka kalekale, pali ndalama yokakamiza yotchedwa blind, imene osewera awiri amaponya makadi asanagawidwe, ndipo imazungulira tebulo. Pakapita nthawi yoikika imakwera. Ku Main Event ndi maola awiri aliwonse. Ukachita mantha, blind imakudya pang'onopang'ono mpaka mulu wako utsale wa m'dzanja limodzi.

Ndinalawa zimenezi pa mpikisano waung'ono wa pa kasino ina ku Johannesburg. Usiku utapita ndithu, ndinalandira ma King awiri, ndinakankha ma chip anga onse pakati. Bambo wina wa imvi, yemwe tinakhala moyandikana kuyambira madzulo tikugawana mtedza, anavomera ali ndi Ace ndi Jack. Tinatembenuza makadi. Wogawa anagunda tebulo ndi chibakera mofewa, n'kuyala makadi atatu, kenako lachinayi, kenako lomaliza. Linali Ace. Anasonkhanitsa mulu wanga ndi manja awiri n'kuukankhira kwa bambowo. Ine ndinali ndisanachotse jekete kumsana kwa mpando pamene wogawayo anakweza dzanja kuitana kuti mpando wapezeka, ndipo anzanga a patebulopo anali atasuzumira kale makadi atsopano. Bambo wa imviyo anandigwira chanza osanena kanthu. Si nkhanza ayi. Umu ndi mmene masewerawa alili: onse olowa adzadutsa njira imeneyi kupatula mmodzi.

Zaka zoyambirira wopambana ankatenga zonse, wachiwiri ankapita chimanjamanja ngati woyamba kutuluka. Mu 1978, chaka chimene anapambana Bobby Baldwin, anayamba kugawa mphoto kwa anthu angapo a pamwamba. Kugawako kunabweretsa ululu watsopano umene osewera amautcha bubble: kukhala munthu womaliza kutuluka wopanda kalikonse. Ikayandikira nthawi imeneyo, matebulo onse amasewera dzanja limodzi limodzi, kudikirana, kuti pasakhale wozengereza dala. Munthu wasewera masiku atatu, wamenya nkhondo bwino, akudzuka, ndipo holo yonse ikuwomba m'manja chifukwa iwo tsopano alowa m'ndalama. Sindidziwa masewera ena amene amachita chotere kwa munthu.

Nkhani imene osewera amaikonda kwambiri ndi ya Jack Straus mu 1982. Anakankha ma chip ake pakati, analuza, ndipo podzuka anapeza chip imodzi ya $500 itabisala pansi pa kansalu kopukutira. Popeza sanatchule ndi pakamwa kuti waponya zonse, anamulola kukhalanso pansi. Anapambana mpikisano wonsewo, $520,000. Nkhaniyi imakoma chifukwa cha lamulo lomwelo. Kukanakhala kugulanso, chip imodzi ikanakhala chabe.

Koma kutuluka kumene ine ndimabwerera kukaonera ndi kwa Phil Ivey mu 2003. Anatsala anthu 10 mwa 839, ndipo tebulo lomaliza limatenga 9. Ivey, mnyamata amene aliyense ankamuopa, anali ndi ma 9 awiri. Chris Moneymaker, wowerengera ndalama wa ku Tennessee yemwe anapeza mpando wake popambana kampikisano kotchipa ka pa intaneti pa PokerStars, anali ndi Ace ndi Queen. Patebulo panagwa ma Queen awiri ndi 6. Khadi lachinayi linali 9, Ivey n'kukhala patsogolo ndi full house, kutanthauza makadi atatu ofanana ndi ena awiri ofanana. Ma chip onse analowa pakati. Khadi lomaliza, Ace, lomwe linapatsa Moneymaker full house yoposa ya Ivey. Ivey anatuluka wa nambala 10 osalakwitsa kanthu. Atatsala awiri okha, Moneymaker anakagonjetsa Sam Farha n'kutenga $2.5 miliyoni.

Anthu anaona zonsezi pa wailesi ya kanema ya ESPN kudzera pa timakamera toonetsa makadi obisika, ndipo aliyense anati nanenso ndingathe. Mu 2004 analowa 2,576, mu 2006 anafika 8,773. Horseshoe inachepa, mpikisano unasamukira ku hotela ya Rio mu 2005. Mu 2007 Raymond Rahme wa ku South Africa anakhala munthu woyamba wa mu Africa kufika pa tebulo lomaliza. Anatuluka wachitatu, ndi ndalama zoposa $3 miliyoni. Mu 2024 analowa 10,112.

Chimene chimandiwawa masiku ano ndi mipikisano yambiri imene yatsegula khomo lakumbuyo. Amati re-entry: ukatuluka, pita pa windo, lipiranso, khala pa tebulo lina ndi mulu watsopano. Makasino amaikonda chifukwa pa kulowa kulikonse amadulapo yawo. Koma taganizani za mphunzitsi amene wasunga ndalama miyezi kuti alowe kamodzi. Amutulutsa katswiri wolemera mwa nzeru zake, ndipo ola lisanathe akumuonanso atakhala moyang'anizana naye, akuponya ma chip mosasamala chifukwa thumba likadalipo. Kumeneko n'kubwerera ku zipinda zakuseri za ku Texas, kumene Binion anawatulutsako amuna aja.

Main Event ikadali ya chipulula: kulowa ndi kamodzi, kaya ndiwe Ivey kaya ndiwe mlendo. Inu okonza mipikisano, kaya ku Las Vegas, ku London kapena ku Johannesburg, tisiyireni lamulo la 1971 lija. Wotuluka atuluke ndithu, adzayesenso mpikisano wina.