Mkazi Tambwali: M'mabuku a Azungu ndi pa Doko la Jumbe

Awerengi, tonse tidakula tikumuombera m'manja Kalulu. Akapusitsa Njovu timaseka, akamunamiza Fisi timati wachita bwino. Koma mkazi akachita zomwezo m'nkhani zathu zolembedwa, dzina lake limasintha msanga, amasanduka hule kapena mfiti, ndipo pomafika tsamba lomaliza amakhala atafa kapena atapenga. Funso langa n'lakuti, kodi kukondera kumeneku kudachokera kuti?

Azungu ali ndi mtundu wa mabuku omwe Afalansa adautcha noir, kutanthauza kuti chakuda. M'mabukuwa mulibe woyera mtima, wapolisi ndi mbava onse amadyera mbale imodzi. Ena mwa otchuka adabadwira m'bwalo la milandu. Ku New York, mayi wina dzina lake Ruth Snyder adanyengerera mwamuna wake Albert kusaina mapepala a inshulansi, kenaka mu 1927 iye ndi chibwenzi chake, Judd Gray, adamupha mwamunayo. Onse awiri adaphedwa pa mpando wamagetsi kundende ya Sing Sing mu Januwale 1928. Mlanduwu ndiwo udapatsa James M. Cain maganizo a buku lake la Double Indemnity. Naye Dashiell Hammett, mu 1930, adatulutsa The Maltese Falcon, momwe mayi wabodza amazunguza mutu wofufuza milandu woima payekha mpaka kumapeto.

Akathyali achizimayi enieni adalipo kale mabukuwa asanalembedwe. Cassie Chadwick adauza eni mabanki a ku Cleveland kuti iye ndi mwana wamseri wa mpondamatiki Andrew Carnegie. Akuluakulu ovala masuti adamukongoza ndalama zankhaninkhani, popanda ndi mmodzi yemwe wolimba mtima kukamufunsa Carnegie. Adamangidwa mu 1904 ndipo adamwalira kundende mu 1907. Taonani, mayiyu sadathyole chitseko cha munthu. Adangogwiritsa ntchito dyera la amuna omwe ankaona ngati apeza nkhuku yoweta.

Kuno kwathu mabuku oterewa adafika kwambiri kudzera mwa James Hadley Chase, Mngelezi yemwe buku lake loyamba lidatuluka mu 1939. Akulu athu ankabwerekana mabukuwa m'sukulu zogonera konko mpaka zikuto kuthothoka. Ine ndidawapeza m'katoni ya amalume, njenjete zitayamba kale kudya. Koma mlembi wa Chichewa wa nthawi imeneyo sakanayerekeza kulemba zotere. Lamulo lounika mabuku ndi mafilimu lidabwera mu 1968, ndipo mu 1973 lidabweranso lina loletsa amayi kuvala thalauza kapena siketi yaifupi. Dziko loopa maondo a mkazi likanalola bwanji mkazi wopusitsa bwana n'kupulumuka? Choncho mkazi wam'tauni m'mabuku athu adasanduka phunziro la ana asukulu basi.

Chonsecho nkhani zamdima tili nazo pakhomo pomwe pano. Cha m'ma 1840, Salim bin Abdallah, Mswahili, adakhazikika pa Nkhotakota n'kukhala Jumbe woyamba. Zombo zake zinkaolotsa minyanga ndi anthu kupita kutsidya, komwe ulendo wapansi wa ku Kilwa unkayambira. David Livingstone adafika kuno mu 1861 ndi mu 1863, koma malondawo sadaleke. Mu 1889 Jumbe wachitatu, Tawakali Sudi, adasainirana pangano ndi Harry Johnston. Atamwalira mu 1894, womulowa m'malo sadakhalitse, azungu adamuchotsa n'kumutumiza ku Zanzibar. Apatu aliyense ankachenjeretsa mnzake: Jumbe, mafumu, ngakhale mzungu wobwera ndi pepala ndi mbendera.

Sikuti akapolo onse ankaoloka nyanja ayi. Amayi ambiri ankatsala, ena kukhala akazi a owagula, ena kulima mpunga m'madambo. Tsono taganizani za mayi wotere, wolandidwa kwao, wopanda mwinimbumba womuimira pa mlandu, akumuphikira nsima munthu yemwe adagulitsa mchimwene wake. Mfuti alibe, mkondo alibe. Chida chomwe chamutsalira ndi lilime, kumwetulira ndi kudekha. Akamunamiza mbuye wakeyo kuti apulumutse mwana, kapena kuti alipsire, tinganene kuti tambwali ndani pamenepo?

Mabuku a mbiri adasunga maina a ma Jumbe, a abwanamkubwa ndi a amishoni, ngakhale manda a Bishopu Chauncy Maples, yemwe adamira m'nyanja mu 1895, alipo mpaka lero pa tchalitchi cha All Saints. Amayi aja adangowerengedwa ngati katundu. Pomwe mbiri yatseka pakamwa, m'pomwe mlembi wa nkhani zopeka ayenera kutsekula pake.

Sindikuti tiyambe kutamanda umbava, poti wobedwa amalira misozi yeniyeni, akhale wabedwa ndi mwamuna kapena mkazi. Ndikungopempha alembi anzanga kuti mkazi wachinyengo timupatse chifukwa, timupatse kwao, timulole alankhule yekha asanaweruzidwe. Mabuku a Cain, olembedwa ndi mwamuna, nthawi zambiri ankamuonera mkaziyo m'maso mwa mwamuna yemwe wagwa m'mbuna. Ife tisatengere zimenezo. Azigogo a ku Linga ndi kwa Malengachanzi akadalipo, ndipo adamva zambiri kwa azigogo awo. Tiyeni tikawafunse dzuwa lisanalowe.