Presente: dzina la amayi anga la kusukulu

Amayi anga ali ndi dzina lina lomwe ife ana awo sitinkalidziwa. Ndinalimva koyamba chaka chatha pa chinkhoswe kumudzi kwathu kwa Kanduku, m'boma la Mwanza. Mayi wina wa msinkhu wawo anawakuwira ali chapatali: "Presente! Ukadalipo iwe?" Amayi anaseka n'kumukumbatira, koma kusekako sikunakhalitse. Madzulo tili pa khonde ndinawafunsa kuti, "Amayi, Presente ndiye ndani?" Anati, "Ndine. Khala pansi." Zomwe anandiuza usiku umenewo zinandichititsa kuyamba kufufuza mbiri ya masukulu a m'malire muno.

Amayi anafika kwa Kanduku mu 1987 ali ndi zaka 12. Anachokera chakufupi ndi Moatize m'chigawo cha Tete, atayenda ndi agogo masiku angapo m'tchire. Ku Mozambique nkhondo ya pakati pa boma la FRELIMO ndi RENAMO, yomwe inayamba mu 1977, inali itafika poipa, ndipo kuyambira 1986 anthu ankalowa m'Malawi ngati madzi osefukira. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, dziko lathu laling'onoli linali likusunga anthu othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Ambiri anakhala m'misasa monga ya Chifunga ndi Luwani, yomwe nthawi imeneyo inali m'boma la Mwanza, Neno isanakhale boma palokha. Kumisasako ana ankaphunzira m'Chipwitikizi, ndipo aphunzitsi ambiri anali othawa kwawo omwewo. Koma ena sanapite kumsasa. Anafikira kwa abale awo m'midzi, ana awo n'kulowa sukulu za m'midzimo. Amayi anali m'gulu limeneli.

Mungadabwe kuti munthu wa ku Tete akhale bwanji ndi abale kwa Kanduku. Malire omwe timawadziwa lero anachokera pa pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891, ndipo anadula pakati pa anthu omwe ankakwatirana ndi kulira maliro limodzi. Angoni a kwa Maseko, omwe ndi mtundu wa Inkosi Kanduku, anakhalapo ku Domwe m'dera la Angonia, lomwe lero lili ku Mozambique. Munthu wa ku Zobue ndi wa ku Mwanza amagula pa msika umodzi. Ndiye kalasi ya kuno sinayambe yakhalapo ya mtundu umodzi. Nkhondo inangochulukitsa zomwe zinalipo kale.

Tsiku loyamba kusukulu, aphunzitsi akuitana mayina, mwana aliyense ankayankha m'Chingerezi. Atafika pa dzina lawo, amayi anaimirira bwinobwino monga anawaphunzitsira kwawo n'kuyankha mokweza kuti, "Presente!" Kalasi yonse inafa nazo nseko. Dzinalo linakanirira pomwepo.

Kwawo anali atamaliza makalasi anayi, koma kuno anawabweza ku Sitandade 2 chifukwa Chingerezi sankachidziwa n'komwe. Tangoganizani mtsikana wa zaka 12 atakhala pansi pakati pa tiana ta zaka 7. Pakhomo ankalankhula Chinyungwe, kusukulu kwawo ankalemba Chipwitikizi, ndipo Chichewa ankachimva mwa apo ndi apo. Apa m'pamene panali vuto lenileni. Chinyungwe ndi Chichewa n'zapachibale, moti mwana wa Chinyungwe ukamulonjera amayankha, ukamutuma madzi amapita. Aphunzitsi ankaona choncho n'kumati mwanayu akumva zonse, angokhala wogona m'mutu. Pomwe iye akutola mawu atatu pa mawu asanu alionse, otsalawo n'kumangoganizira. Mwana wolankhula chilankhulo chachilendo kotheratu amaonekera msanga kuti akufunika thandizo. Uyu wa chilankhulo chapafupi amangogwedeza mutu mpaka chaka chithe.

Nanga boma linkati chiyani? Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha MCP unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chilankhulo cha fuko, limodzi ndi Chingerezi pa ntchito za boma. Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Kuyambira pamenepo mwana aliyense, kaya ndi wa ku Karonga kaya wa ku Nsanje, ankaphunzira m'Chichewa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, kenako m'Chingerezi. Pa mapu a akuluakulu, Mwanza linali dera la olankhula Chichewa, choncho panalibe choti n'kukonza. Mphunzitsi wa kwa Kanduku yemwe wapezeka ndi ana a Chinyungwe, a Chisena ndi ena odziwa kuwerenga Chipwitikizi chokha ankayenera kudzionera yekha.

Ena anadzionera ndi ndodo. Amayi amakumbukira tsiku lina ali mu Sitandade 3 atapatsidwa masamu ogawa. Iwo anawalemba monga anaphunzirira ku Moatize: nambala yogawidwa kumanzere, yogawira kumanja, yankho pansi pa yogawirayo. Kuno timaika yogawira kumanzere, yankho pamwamba. Mayankho onse anali olondola, koma aphunzitsi atangoona kakhalidwe ka manambalawo anadula tsamba lonse ndi cholembera chofiira, n'kuwonjezerapo zikwapu ziwiri. Anzawo atatu omwe anabwera nawo kuchokera ku Tete anasiya sukulu chaka chomwecho. Mmodzi anakwatiwa, awiri anayamba kugulitsa manachesi kwa madalaivala a mathiraki pa msewu wa ku Zobue.

Yemwe anasintha zinthu anali mphunzitsi wa Sitandade 4, bambo wa kumpoto yemwe boma linamutumiza kudzagwira ntchito kuno. Amayi amati Chichewa chake chinkamveka Chitumbuka, ndipo ana ankamuyeserera akatembenuka. Mwina n'chifukwa chake ankadziwa ululu wake. Atapeza masamu a mtundu womwe uja m'kope la amayi, sanawadule. Anawerengera yekha, n'kupeza kuti yankho ndi lomwelo. Ndiye anati, "Iwe, bwera kuno. Tenga choko, utionetse mmene mumachitira kwanu." Amayi akuti miyendo inkanjenjemera. Analemba pa bolodi, aphunzitsi n'kulemba njira yathu pambali pake, ndipo kalasi inaona manambala omwewo akutulukira mbali ziwiri. Kuyambira tsikulo, akaphunzitsa liwu latsopano ankafunsa kuti, "Kwanu mumati chiyani?" Wa Chinyungwe anene, wa Chisena anene, iwonso anene la Chitumbuka, kenako onse aloweze la Chingerezi. Analibe buku lowauza kutero, ndipo sankalengeza kwa oyendera sukulu. Mu 1989 boma litalamula kuti aphunzitsi ochokera kumpoto abwerere kuchigawo cha kwawo, iwonso analongedza. Amayi sanawaonenso.

Nkhondo inatha ndi pangano la mtendere lomwe linasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, ndipo zaka zotsatira anthu ambiri anabwerera kwawo. Agogo anakana, akuti kumene anachokera kunatsala manda okhaokha. Amayi anapitiriza sukulu mpaka Sitandade 8. Chinyungwe anachitsekera m'nyumba, kenako anachisiyiratu. Ife takula osamva ngakhale liwu limodzi, chifukwa ankaopa kuti nafenso tingapatsidwe dzina.

Malamulo anapitiriza kusintha. Mu 1994 kunabwera maphunziro aulere a pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Makalasi anadzaza mpaka pansi pa mitengo, moti mphunzitsi sakanatha kudziwa ngakhale mayina a ana ake, nanji zilankhulo zawo. Mu 1996 unduna wa zamaphunziro unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo cha makolo awo. Ganizo linali labwino, koma mabuku anakhalabe a Chichewa ndi Chingerezi, aphunzitsi osawakonzekeretsa. Kenako lamulo la zamaphunziro la 2013 linati chilankhulo chophunzitsira chikhale Chingerezi. Tsidya linalo nakonso ankalimbana ndi funso lomweli. Kuyambira 1993 mpaka 1997 dziko la Mozambique linayesa ndondomeko yotchedwa PEBIMO, yophunzitsa ana m'chilankhulo chawo limodzi ndi Chipwitikizi. Ku Gaza anagwiritsa ntchito Chichangana, ndipo ku Tete anasankha Chinyanja, chomwe ndi Chichewa chathu chomwechi.

Ndikayang'ana 1968, 1996 ndi 2013, ndikuona kuti mkangano wathu wakhala wofuna kupeza chilankhulo chimodzi choti chilamulire kalasi. Wina akuti Chichewa, wina akuti cha makolo, wina akuti Chingerezi. Koma nanga m'kalasi momwe makolowo amalankhula zilankhulo zitatu? Funso limenelo timalisiyira mphunzitsi, ndipo tsogolo la mwana limangodalira kuti wagwera m'manja mwa ndani, wa cholembera chofiira kapena wa choko uja.

Musaganize kuti ndi nkhani yakale. Kuyambira pakati pa 2015 anthu a ku Tete anayambanso kuthawa mikangano ya asilikali a boma ndi a RENAMO, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2016 anthu pafupifupi 10,000 anali ataunjikana m'mudzi wa Kapise m'boma lathu lomweli. Boma linatsegulanso msasa wa Luwani, womwe unatsekedwa mu 2007, n'kuyamba kuwasamutsira kumeneko. Ambiri mwa iwo anali amayi ndi ana. Ngakhale popanda nkhondo, pali ana obwerera kuchokera ku Joni akulankhula Chizulu, ana a ogwira ntchito pa chipata ochokera ku Mangochi kapena ku Rumphi, ndi ana a tsidya lino ndi tsidya linalo omwe amaoloka malire ngati akuoloka msewu.

Anzanga angapo omwe ndinali nawo kukoleji pano ndi aphunzitsi, ndipo ndikudziwa kuti mukuwerenga. Sindikukuuzani kuti muphunzire zilankhulo zisanu. Muli ndi ana ochuluka, mabuku ochepa, malipiro osakwana. Koma sabata yoyamba ya teremu mutha kufunsa mwana aliyense chomwe amalankhula ndi agogo ake, n'kulemba pambali pa dzina lake. Mwana wachete uja musafulumire kumuika kumbuyo. Ndipo mukaona yankho lolembedwa mwachilendo, yambani mwaliwerengera nokha.

Ndisanachoke kumudzi ndinapempha amayi kuti andiphunzitse Chinyungwe, ngakhale pang'ono chabe. Anakhala chete kanthawi, kenako anati tiyambe ndi mawu awiri: kulewa, komwe ndi kunena, ndi kupfunza. Ine ndinati, "Kufunsa?" Anaseka kwambiri mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. "Ayi, kupfunza ndi kuphunzira. Nanenso ndinkasokoneza choncho, koma mobwerera." Pano tikamaimbirana foni Lamlungu lililonse amandipatsa mawu asanu, ine n'kulemba m'kope. Ndafika pa 60.